Mzikiti Waukulu wa ku Djenné: Nyumba ya Allah Imene Imamatidwa Chaka ndi Chaka

Tikamva za mizikiti ikuluikulu ya padziko lapansi, ambirife maganizo amathamangira ku miyala yonyezimira, matailosi ndi madenga ozungulira opakidwa golide. Koma kumadzulo kwa Africa, m'dziko la Mali, kuli mzikiti wina waukulu womwe ulibe chilichonse mwa zimenezi. Makoma ake ndi a dothi, denga lake ndi la mitengo ndi dothi, ndipo pansi pake ndi pa mchenga. Umenewu ndi Mzikiti Waukulu wa m'tawuni ya Djenné, womwe umadziwika kuti ndi nyumba yaikulu kwambiri padziko lonse mwa nyumba zomangidwa ndi zidina.

Aliyense amene anakulira m'nyumba ya zidina akudziwa zimene mvula imachita pa khoma losamatidwa. Ndiye zatheka bwanji kuti nyumba ya dothi, yomwe nsanja yake ndi yaitali pafupifupi mamita 16, ikhale chiimire kuyambira 1907 mpaka lero, kudera lomwe mtsinje umasefukira chaka chilichonse? Yankho lake lili m'kamangidwe ka mzikitiwo. Amisiri anaumanga akudziwa kuti udzafuna manja a anthu chaka ndi chaka, moti anasiyiratu m'makoma malo opondapo odzaukonza. Tiyeni tione mmene unamangidwira, mmene eni ake amausamalirira, ndi zimene mlendo amakumana nazo akafika kumeneko.

Tawuni ya pakati pa madzi

Djenné ili m'chigawo chapakati cha Mali, mtunda woposa makilomita 500 pamsewu kuchokera ku likulu la dzikolo, Bamako. Inamangidwa m'dambo lalikulu la mtsinje wa Bani, womwe umakathira mu mtsinje wa Niger. Madzi akasefukira tawuniyi imasanduka chilumba. Pa kalembera wa 2009, Djenné ndi midzi yoizungulira inali ndi anthu pafupifupi 33,000.

Kudera limeneli anthu akhalako kuyambira kalekale. Makilomita atatu okha kuchokera m'tawuniyi kuli bwinja la Djenné-Djenno, komwe anthu anayamba kukhala zaka pafupifupi 250 asanabadwe Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye). Djenné ya lero inakula chifukwa cha malonda. Mchere wochokera m'chipululu cha Sahara unkafika ku Timbuktu pa ngamila, n'kunyamulidwa pa mabwato mpaka ku Djenné, pomwe golide wochokera kummwera ankadutsa njira yomweyo kupita kumpoto. Amalonda amenewa ndiwo anabwera ndi Chisilamu, mabuku ndi aphunzitsi, mpaka Djenné inatchuka ngati mudzi wa maphunziro a Qur'an.

Miyala yomangira ndi yosowa m'dambo limeneli, mitengo ikuluikulu ndi yochepanso. Chomwe chilipo chambiri ndi dothi lamakande limene madzi amasiya akaphwera. Anthu a ku Djenné anaphunzira kumanga ndi chimene Allah anawapatsa, ndipo luso lawo linakula mpaka kumanga nyumba zosanjikizana za dothi lokhalokha.

Mbiri yake mwachidule

Olemba mbiri amaika kumangidwa kwa mzikiti woyamba pakati pa zaka za 1200 ndi 1330. Buku la Tarikh al-Sudan, lomwe analemba Abd al-Rahman al-Sa'di m'zaka za m'ma 1600, limafotokoza kuti mfumu ya ku Djenné, Koi Konboro, italowa Chisilamu inagwetsa nyumba yake yachifumu n'kupereka malowo kuti pamangidwe mzikiti. Mafumu awiri omwe anabwera pambuyo pake anawonjezera nsanja ndi mpanda.

Mzikiti umenewo unakhala zaka mazana angapo, kenako unagwa, ndipo kagwedwe kake n'kofunika kukamvetsa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, mtsogoleri wa Chifulani, Seku Amadu, anakhazikitsa ufumu wa Chisilamu wa Masina ndipo Djenné inakhala pansi pake. Iye sanakondwere ndi mzikiti wakalewo, ndipo anangousiya osaukonza. Mu 1828 mlendo wa ku France, René Caillié, anaupeza utasanduka mudzi wa anamzeze omwe anamanga zisa zawo mkatimo. Pakati pa 1834 ndi 1836 Seku Amadu anamangitsa mzikiti wina chakum'mawa kwa wakalewo, waufupi, wopanda nsanja ndi zokongoletsa. Mbiri ya pakamwa imati sanalamule kuti wakalewo ugwetsedwe, poti kugwetsa mzikiti n'kosaloledwa, koma mipope yake yotulutsa madzi inatsekedwa, mvula n'kumaliza ntchito yotsalayo. Nyumba ya dothi siilira nyundo kuti igwe. Kungoitaya n'kokwanira.

Asilikali a ku France analanda Djenné mu 1893. Mu 1906 kunagwirizanidwa kuti mzikiti umangidwenso pa bwinja la woyamba uja, ndipo ntchitoyo inatha mu 1907 motsogozedwa ndi Ismaila Traoré, mkulu wa gulu la amisiri omanga a m'tawuniyi. Tisabise mbali yowawa ya mbiriyi: boma la atsamunda linagwiritsa ntchito anthu mokakamiza pomanga mzikitiwu. Akatswiri akhala akutsutsana ngati maonekedwe a kutsogolo kwake anatengerako maganizo a Afalansa, koma manja amene anaumba zidina ndi kuimika makoma anali a amisiri a ku Djenné komweko. Mu 1988 bungwe la UNESCO linaika tawuni yakale ya Djenné, pamodzi ndi mzikitiwu, pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Zimene mlendo amaona ali panja

Mlendo akalowa m'tawuniyi amadutsa m'tinjira topanikiza pakati pa nyumba za dothi, kenako amatulukira pabwalo lalikulu la msika. Mzikiti umaima moyang'anizana ndi bwalo limeneli. Unamangidwa pa chitunda choumbidwa, chotalika mamita 75 m'litali ndi mamita 75 m'lifupi, chokwera mamita atatu kuchokera pansi pa msika. Chitundachi ndicho chitetezo choyamba cha mzikiti: madzi a Bani akasefukira safika pa maziko ake. Pali masitepe m'malo asanu ndi amodzi okwerera pamwamba, ndipo khomo lalikulu lili kumpoto.

Khoma limene limayang'ana msika ndilo la Qibla. Ife kuno poswali timayang'ana chakumpoto, koma Msilamu wa ku Mali amayang'ana kum'mawa, chifukwa Makka ili kum'mawa kwa dziko lawo. Khoma limeneli ndi lochindikala pafupifupi mita imodzi, ndipo lili ndi nsanja zitatu zikuluzikulu za ngodya zinayi. Yapakati ndiyo yaitali kwambiri, pafupifupi mamita 16. Pakati pa nsanjazi ndi m'mbali mwake muli nsanamira 18 zoumbidwa kumodzi ndi khoma, iliyonse yosongoka kumutu. Nsanamirazi zimachirikiza khoma kuti lisapendekeke, komanso zimaligawa m'mizeremizere yomwe imasintha mthunzi dzuwa likamayenda. M'mawa mzikiti umaoneka wofiirira, masana wotuwa, madzulo ngati mkuwa.

Pamwamba penipeni pa nsanja pali mazira a nthiwatiwa. Anthu a kumeneko amati ndi chizindikiro cha ukhondo ndi chonde. Chimenechi ndi chokongoletsa cha chikhalidwe cha derali, chomwe chimaonekanso pa mizikiti ina ya ku Mali, ndipo sichikhudzana ndi mapemphero ochitika mkatimo.

Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa denga muona mipope youmbidwa ndi dongo n'kuwotchedwa, yotulukira kunja. Ntchito yake ndi kuponya madzi a mvula kutali ndi khoma. Madzi akanamayenderera pa khomalo akanakumba ngalande m'nyengo imodzi yokha.

Mitengo yotuluka m'makoma

Chinthu chimene chimadabwitsa aliyense woona mzikitiwu koyamba ndi mitengo yambirimbiri yotuluka m'makoma ngati minga ya nungu. Eni ake amaitcha toron. Ndi mitolo ya timitengo ta mvumo, yotulukira kunja pafupifupi masentimita 60, yoikidwa m'mizere kuyambira chapansi mpaka pamwamba pa nsanja. Amasankha mvumo chifukwa ndi wolimba ndipo chiswe sichiugonjetsa msanga.

Mlendo angaganize kuti mitengoyi ndi yokongoletsera chabe. Imakongoletsadi, koma ntchito yake yaikulu ndi ina: ndi popondapo anthu pomata khoma. Nyumba zambiri zikatha kumangidwa, amisiri amachotsa mitengo yomwe ankakwerapo n'kupita nayo. Ku Djenné anaimangira m'khoma momwemo kuti ikhale mpaka kalekale. Mmisiri amene anaika toron mu 1907 ankakonzera malo phazi la mdzukulu wake yemwe anali asanabadwe.

Zidina zake nazonso zili ndi mbiri. Zakalezo, zotchedwa djenné-ferey, ankaziumba ndi manja popanda chikombole, zobulungira ngati kamtondo, n'kuziyanika padzuwa. Zidina za ngodya zinayi zoumbidwa m'chikombole zinafika m'zaka za m'ma 1930, ndipo anthu anazitcha toubabou-ferey, kutanthauza zidina za azungu. Luso lonseli limasungidwa ndi gulu la amisiri lotchedwa barey ton. Mnyamata amayamba ali wamng'ono kuponda matope ndi kunyamula zidina, n'kumakwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri pansi pa mmisiri wamkulu. Mabanja ambiri a ku Djenné ali ndi banja la amisiri lomwe lakhala likuwamangira ndi kuwakonzera nyumba kuchokera kwa agogo awo.

Kamangidwe kotere kafala m'mayiko angapo a kumeneko. Mzikiti wa Djinguereber ku Timbuktu, wa ku Agadez m'dziko la Niger, wa ku Bobo-Dioulasso ku Burkina Faso ndi wa ku Larabanga ku Ghana, yonse ndi ya dothi ndipo yonse ili ndi mitengo yotuluka m'makoma. Wa ku Djenné ndiwo waukulu pa yonseyi.

Mkati mwa mzikiti

Msilamu akavula nsapato n'kulowa, choyamba chimene amamva ndi kuzizira. M'miyezi ya April ndi May kutentha kwa ku Djenné kumapitirira madigiri 40, koma makoma ochindikala amachedwetsa kutenthako kulowa mkati. Masana amamwa kutentha pang'onopang'ono, usiku n'kukutulutsa. Chachiwiri ndi mdima. Mawindo ndi ang'onoang'ono, ali kumpoto ndi kummwera kokha, choncho maso amatenga kanthawi kuti azolowere.

Chipinda choswaliramo ndi cha mamita 50 m'litali ndi 26 m'lifupi. Amene anazolowera mizikiti ya masiku ano, momwe munthu amaona Imamu ngakhale ali mzere womaliza, amadabwa akalowa muno. Muli zipilala zikuluzikulu 90, zoima m'mizere isanu ndi inayi, zolumikizana pamwamba ndi makomo osongoka ofika pafupi ndi denga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Denga la dothi ndi lolemera, ndipo mitengo ya mvumo imene imalinyamula siingadutse mpata waukulu popanda kupindika. Amisiri anayenera kuika zipilala moyandikana. Zotsatira zake n'zakuti mkatimo muli ngati tinjira titalitali toyenda kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndipo kanjira kalikonse kamakhala mzere wa oswali. Nyumbayo payokha imawongola mizere ya swala.

Padenga pali timabowo tambiri, kalikonse kovundikiridwa ndi chivundikiro chadongo chonga mbale. Kukatentha osamalira mzikiti amakwera n'kuvundukula kuti mpweya wotentha utuluke ndipo kuwala kulowe. Mvula ikayandikira amavundikiranso. Pansi ndi pa mchenga, poyalidwa mikeka ndi makapeti.

Mihrab, pomwe Imamu amaima potsogolera swala, ili m'kati mwa nsanja yapakati ija. Pamwamba pake pali kabowo kolumikizana ndi kachipinda kena m'nsanjamo. Kale, zokuzira mawu zisanabwere, munthu ankakhala m'kachipindako n'kumabwereza mokweza mawu a Imamu kuti anthu a panja amve. Kudzanja lamanja la mihrab kuli malo ena olowa m'khoma, omwe ndi mimbari, pomwe Imamu amaperekera khutba tsiku la Jumu'ah. Lero mzikitiwu uli ndi magetsi ndi zokuzira mawu.

Kumadzulo kwa chipindachi kuli bwalo lamkati, la mamita pafupifupi 46 m'litali ndi 20 m'lifupi, lozunguliridwa ndi makonde mbali zitatu. Khonde la kumadzulo ndi la amayi. Pa Jumu'ah, mkati mukadzaza, anthu amaswalira m'bwaloli ndi pa chitunda chapanja.

Tsiku lomata mzikiti

Mvula ya ku Djenné imagwa kwambiri pakati pa June ndi September. Chaka chilichonse imakokolola khungu la pamwamba pa makoma, ndipo dzuwa la chilimwe limasiya ming'alu. N'chifukwa chake mvula isanayambe, nthawi zambiri cha mu April kapena May, tawuni yonse imasonkhana kudzamata mzikiti. Akuluakulu a tawuni ndi amisiri ndiwo amagwirizana za tsikulo.

Kukonzekera kumayamba masiku angapo tsikulo lisanafike. Anyamata amakakumba dothi m'mbali mwa mtsinje n'kulithira m'maenje, momwe limasakanizidwa ndi madzi ndi mankhusu a mpunga. Matopewa amasiyidwa kuti avunde mpaka atafewa ndi kuyamba kunanda. Mankhusu amagwira dothi kuti lisang'ambike likamauma. Matope ofuna kuvunda amafunika kuwavundula kawirikawiri, ndipo ntchito imeneyi imagwera ana, omwe amangolowa m'dzenjemo n'kumasewera. Masewera awowo ndiwo kuponda matope.

Usiku wa tsikulo anthu ambiri sagona. M'bandakucha, chizindikiro chikaperekedwa, anyamata amathamanga ndi madengu a matope pamutu kuchokera kumaenje kupita kumzikiti, ng'oma zikulira. Madera a m'tawuni amapikisana kuti aone amene ayambe kumaliza mbali yawo ya khoma. Ena amatsamiritsa makwerero ataliatali a mitengo ya mvumo pakhoma, ena amakwera n'kukhala pa toron, ndipo madengu amapatsirana kuchokera pansi mpaka pamwamba pa nsanja. Kumata kwake n'kwa manja, popanda chipangizo. Amayi ndi atsikana amatunga madzi kumtsinje ndi kukonza chakudya. Amisiri a barey ton amayang'anira kuti matope apakidwe bwino, pomwe okalamba amene anakwera makomawa kambirimbiri ali anyamata amakhala pamalo aulemu pabwalo la msika n'kumaonerera.

Dzuwa lisanafike paliwombo, mbali yaikulu ya ntchito imakhala itatha. Aliyense amakhala ali matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwana wa wolemera ndi mwana wa msodzi osasiyanitsika. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku Djenné mwambi umenewu amauchita ndi manja, chaka ndi chaka.

Mavuto amene mzikitiwu wakumana nawo

Kumata kwa chaka ndi chaka kuli ndi vuto lake. Matope atsopano amapakidwa pamwamba pa akale, ndipo patapita zaka pafupifupi 100 denga ndi makoma zinali zitasenza katundu woposa amene amisiri oyamba anakonzera. Mitengo ina ya denga inayamba kupindika. Bungwe la Aga Khan Trust for Culture linadzipereka kulipira ntchito yokonzanso mzikiti wonse.

Ntchitoyi inayamba ndi mkangano. Mu 2006 anthu a m'tawuni ataona akatswiri akukumba padenga pofufuza mmene mitengo inalili, mphekesera inafala yakuti mzikiti ukuonongedwa, ndipo kunabuka zipolowe zomwe zinaononga katundu. Akatswiriwo anabwera ndi cholinga chabwino, koma anthu wamba, omwe amamata makomawo ndi manja awo, sanafotokozeredwe mokwanira. Ntchito inapitirira pambuyo pokambirana, amisiri a m'tawuni momwemo ali patsogolo, ndipo matani mazanamazana a dothi lowonjezera anachotsedwa.

Pa 5 November 2009, ntchitoyi ili mkati, kunagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 75 m'tsiku limodzi, nyengo ya mvula itatha kale. Mbali ya pamwamba ya nsanja ya kummwera inagumuka. Inamangidwanso ndi zidina monga mmene inalili poyamba.

Palinso nkhani ya anthu okhala m'nyumba zakale zozungulira mzikiti. Malamulo osunga malo a mbiri salola mwini nyumba kusintha maonekedwe ake mwachisawawa, pomwe ambiri amafuna zipinda zazikulu, simenti pansi ndi khoma losafuna kumatidwa chaka chilichonse. Kumata nyumba kumafuna ndalama, ndipo chimene chili chokongola m'maso mwa mlendo chimakhala mtolo kwa bambo wopeza movutikira. Madandaulo amenewa ndi omveka.

Vuto lalikulu koposa ndi nkhondo. Kuyambira 2012 Mali yakhala pa mavuto a chitetezo, ndipo m'zaka zotsatira ziwawa zinafika m'chigawo chapakati momwe muli Djenné. Alendo omwe ankabwera ambirimbiri chaka chilichonse anasiya kubwera. Malo ogona alendo anatsekedwa, ndipo operekeza alendo, osoka nsalu ndi ogulitsa zosemasema anasowa pogwira. Mu 2016 UNESCO inaika Djenné pa mndandanda wa malo omwe ali pa chiopsezo. Ngakhale zili choncho, mwambo womata mzikiti wapitirira m'zaka zovutazi. Ojambula zithunzi anachoka, eni mzikiti anatsala.

Mlendo akafika

Amene akuganiza zokaona Djenné ayambe wafufuza za chitetezo. Maboma ambiri amachenjeza nzika zawo kuti zisapite m'chigawo chimenechi, ndipo moyo ndi amana imene Allah anatisungitsa. Zimene tikufotokoza pano ndi mmene ulendowu umakhalira pa nthawi ya mtendere.

Nyengo yabwino yoyendera ndi pakati pa November ndi February, kukamazizirirako. Tsiku lotchuka ndi Lolemba, la msika. Bwalo lonse la kutsogolo kwa mzikiti limadzaza ndi asodzi a Chibozo ogulitsa nsomba zouma, Afulani obwera ndi mkaka ndi ziweto, alimi a mpunga ndi mapira, ogulitsa nsalu, mchere, zikho ndi zokometsera ndiwo. Ngolo za abulu ndi mahatchi zimafika kuchokera m'midzi yakutali. Zinenero zimene zimamveka ndi Chisonghai cha ku Djenné, Chibambara, Chifulani, Chibozo ndi Chifalansa, koma salamu ya Chisilamu imatsegula khomo paliponse. Adhana ikamveka, amalonda ambiri amasiya katundu wawo n'kukwera masitepe. Msika ndi mzikiti zili pabwalo limodzi, monga zinalili m'mizinda yakale ya Asilamu.

Amene si Msilamu saloledwa kulowa mkati, ndipo pakhomo pali chikwangwani chonena zimenezi. Kale alendo onse ankaloledwa. Chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti mu 1996 magazini ina yakunja ya mafashoni inajambula atsikana ovala mosadzilemekeza pamzikitipa, zomwe zinakhumudwitsa anthu a m'tawuni kwambiri. Kupanda ulemu kwa anthu ochepa kunatsekera khomo alendo onse obwera pambuyo pawo. Masiku ano alendo otere amaonera mzikiti ali pabwalo la msika kapena pamadenga a nyumba zoyandikana nawo, komwe maonekedwe ake onse amaoneka bwino.

Mlendo wa Chisilamu akumbukire kuti akulowa m'nyumba ya mapemphero, yomwe anthu amaswaliramo kasanu patsiku. Avale modzilemekeza, avule nsapato, aswali maraka awiri olonjera mzikiti, atsitse mawu, ndipo apemphe chilolezo asanajambule munthu kapena malo. Asakande khoma kapena kutengako kadothi kokaonetsa kwawo. Adzaonanso zina zosiyana ndi zimene anazolowera. Asilamu ambiri a ku Mali amatsata madhhab ya Imam Malik, pomwe ambirife kuno tinaphunzira ya Imam Shafi'i, choncho adzaona ena akuswali manja ali m'mbali. Kawerengedwe ka Qur'an kofala kumeneko ndi ka Warsh, komwe m'mawu ena kamamveka mosiyana pang'ono ndi ka Hafs komwe tinazolowera. Zonsezi ndi zovomerezeka pakati pa maulama, ndipo mlendo wanzeru amaphunzira asanayambe kudzudzula.

M'tinjira ta m'tawuni adzapeza ana atakhala pansi pakhomo pa mwalimu wawo, akuloweza Qur'an yolembedwa ndi inki pa matabwa. Pafupi ndi mzikiti pali laibulale ya mabuku akale olembedwa pamanja, omwe mabanja a ku Djenné anabweretsa kuti asungidwe pamodzi. Ambiri mwa mabukuwa anajambulidwa n'kusungidwa pa kompyuta mothandizidwa ndi British Library. Amene wangojambula makoma n'kubwerera osaona zimenezi, waona theka la Djenné.

Zimene tikutolapo

Mzikiti wa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ku Madina, womwe unamangidwa atangosamuka kuchokera ku Makka m'chaka cha 622, unali wa zidina. Mizati yake inali mathunthu a mitengo ya tende, denga lake linali la masamba a tende, ndipo mvula ikagwa linkadontha. Mtumiki mwini wake ananyamula nawo zidina pamodzi ndi Maswahaba. Choncho Msilamu akaona anthu a ku Djenné atasenza madengu a matope, asaone ngati ndi umphawi kapena kutsalira. Akuona chinthu chomwe chili pafupi kwambiri ndi chiyambi cha mizikiti yonse.

Simenti ndi malata si zoipa, ndipo sitikunena kuti mizikiti yonse imangidwe ndi dothi. Koma nyumba ya simenti imabisa kunyalanyaza kwa eni ake kwa zaka zambiri, pomwe ya dothi imakuulula m'nyengo imodzi ya mvula. Mzikiti woyamba wa ku Djenné unagwa anthu atasiya kuusamalira. Wa lero waima zaka zoposa 100, wadutsa m'chilala, m'zipolowe ndi m'nkhondo, chifukwa m'badwo uliwonse walandira dengu kuchokera kwa makolo ake. Mwana amene wapondapo matope a mzikiti safunika kuuzidwa kuti mzikitiwo ndi wake.

Funso lotsalira ndi la ife tonse, kulikonse kumene timaswalira. Mpopi wa pa wudhu ukayamba kudontha, lata likasasuka, mkeka ukang'ambika, timadikira ndani? Amene anatimangira, kapena komiti, kapena timapinda malaya tokha? Ndipo ana athu tawasiyira popondapo potani kuti mawa adzathe kukwera n'kukonza?

Tikupempha Allah kuti abwezeretse mtendere m'dziko la Mali, ateteze abale athu a ku Djenné ndi mzikiti wawo, ndipo atipange ife kukhala m'gulu la osamalira nyumba Zake. Ameen.